Futseke wa Abambo Aang'ono

Lero adona anga ku Rosebank, kuno ku Joni, akalipira galu kuti "Futseke," mtima wanga n'kuthamangira kwathu ku Ntcheu.

Bambo atamwalira, mng'ono wawo wochokera kumigodi ya Joni anabwera kudzasasula malata athu. Nsapato zinkanyezimira, malaya akununkhira sopo. Amayi anagwada n'kuti, "Alamu, mvula yayandikira, tisiyireniko." Iwo anangoyankha, "Futseke." Ine ndinkayesa ndi Chizungu cha anthu olemera, mpaka ndinkawasirira.

Ndadziwira kuno kuti ndi Chibunu, Azulu anangotengera, ndipo konsekonse n'chothamangitsira agalu.

Abambo aang'onowo akalamba tsopano, akuimba foni kupempha bulangete. Mulungu wandichitira zazikulu, ndidzawatumizira ndithu, koma ayambe azizidwa kaye Juni uno.