Dzanja Langa Linandiulula M'bokosi la Chinsinsi

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinaipereka ku komiti ya chitetezo ya m'dera lathu Lolemba, sabata imene anthu anayamba kukumba mtedza. Yachiwiri ndinakasiya mvula yoyamba itagwa, yachitatu Khirisimasi itangopita. Makope ake onse ali mufayilo yanga yabuluu, ndipo palibe imene yayankhidwa. Koma ndisanaloze munthu chala, ndivomere kaye kulakwa kwanga, chifukwa nkhaniyi inayamba ndi cholembera changa chomwe.

Ine ndinagwira ukalaliki kuno ku Chipata mpaka kupuma. Kulemba ndinaphunzira kusukulu ya mishoni, kumene chilembo chikapendekeka rula inkatera pazala. N'chifukwa chake ku Kapata kuno aliyense wofuna kalata yaukwati, uthenga wa maliro kapena chidziwitso cha kutchalitchi ankagogoda pakhomo panga.

Zipani zitachuluka m'dziko muno, akuba njinga nawo anachuluka. Anthu ankawadziwa akubawo, koma ndani akanayima poyera? Choncho komiti yathu ya chitetezo inagwirizana ndi apolisi kuti pakhale bokosi loponyamo makalata opanda dzina. Analikhomera pakhoma la holo imene komiti imakumanira, ndipo tinagwirizana kuti wolitsegula akhale wapolisi yekha, Lachisanu lililonse. Zimenezi zili m'maminitsi, ndipo kope lake ndili nalo. Chidziwitso chomata pamwamba pa bokosilo anandipempha ine kuti ndilembe. Ndinachilemba bwinobwino, ndi mawu akuti musalembe dzina lanu, palibe adzakudziweni.

Pasanathe mwezi, amai Tembo, mayi wamasiye amene amatenga ndiwo zamasamba ku Madzimoyo n'kudzagulitsa kumsika, anaberedwa njinga. Pamene ankaigula ndine ndinawalembera nambala yake m'kabuku kanga. Tsiku lina masana ndikuchokera kuchigayo, ndinaona njinga zinayi zitatsamira kuseri kwa nyumba ina, zikununkha penti watsopano. Ina inali ndi keriyala yowotcherera kawiri, ngati ya amai Tembo. Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, ndinawerenga nambala, ndipo kunyumba kabuku kanandivomereza.

Inu owerenga, apa ndi pamene ukalaliki unandipweteka. Ndinatenga pepala loyera, ndinajambula mzere wa m'mbali ndi rula, ndinaika tsiku pakona, mutu wa nkhani n'kuudula mizere iwiri kunsi monga ndachitira moyo wanga wonse. Ndinaikanso kaboni kuti nditsale ndi kope. Dzina lokha ndi limene ndinasiya. Ndiye kalata yonena za njingazo ndinakaiponya m'bokosi limene pamwamba pake panali dzanja lomwelo, zilembo zomwezo, mizere iwiri yomweyo.

Bokosi linagwira ntchito yake, zimenezo sindibisa. Apolisi anabwera, njinga zonse zinabwerera kwa eni ake, ndipo mnyamata wa panyumba ija anamangidwa. Amai Tembo anayambanso ulendo wawo wa ku Madzimoyo, ana awo sanagonenso ndi njala.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti wapampando wa komiti anali ndi kiyi wachiwiri, ndipo ankasuzumira m'bokosimo wapolisi asanafike. Kalata yanga anaiona mochedwa, wapolisi ali kale pakhomo, moti sanathe kuichotsa. Womangidwa uja anali mphwake, mwana wa mlongo wake. Lamulungu lotsatira tikutuluka m'tchalitchi, anandigwira chanza pamaso pa anthu nati, "A Kalaliki, dzanja lanu lija silikalamba ayi. Ngakhale m'bokosi limaoneka bwino." Anthu anaseka, ena anayang'ana pansi.

Nditafika kunyumba ndinawaonetsa amake Esinati, akazi anga, kope lija. Analiyang'ana kamodzi kokha. "Atate ake Esinati, bwanji simunangosayina n'kumatapo chithunzi chanu? Mukanawapeputsira ntchito."

Kuyambira pamenepo dzina langa linasanduka kazitape. Aliyense amene mwana wake anayitanidwapo ku polisi, ngakhale pa mlandu umene sindinaumvepo, ankati ndine. Amene ndinkawalembera makalata anayamba kudutsa njira ina. Zimenezo ndinapirira. Koma mng'ono wanga, amene ankakhala nafe, atamwalira, ndi pamene ndinadziwa kukula kwa nkhaniyi. Uthenga wa maliro ndinaulemba ndekha ndi kuutumiza nyumba ndi nyumba monga mwa mwambo wathu. Amuna a m'dera lathu, amene ine ndakhala nawo pa maliro a makolo awo ndi ana awo, sanabwere kudzakumba manda. Tinakumba ine, akulu ampingo awiri okalamba ngati ine ndemwe, ndi achimwene awo a amai Tembo. Dothi la mwezi wa Okutobala ndi louma ngati mwala. Tinaika maliro dzuwa litapendeka, manja anga ali matuza okhaokha.

Musaganize kuti ndikukuuzani kuti mukhale chete. Ayi. Nditaonanso njinga zina mawa, ndikalembanso. Wakuba amanenepa ndi mantha a anansi ake, ndipo bokosi lija ndi labwino kuposa kunong'onezana kuchitsime. Koma mverani ine amene zinandigwera. Ngati dzanja lanu limadziwika, lembani zilembo zikuluzikulu ndi dzanja lamanzere, papepala wamba, mawu ochepa: chimene mwaona, malo ake, basi. Zokongoletsa zisiyeni. Ndipo musanaponye kanthu, funsani pamsonkhano, anthu onse akumva, kuti makiyi a bokosilo ndi angati ndipo ali m'thumba mwa yani. Ine funso limenelo sindinafunse, ine amene ndimasunga ngakhale tikiti ya basi.

Sindikupempha chifundo. Ndinanena zoona, ndipo zoonazo zinabweza njinga zinayi. Amene anaphwanya pangano si ine.

Tsono, kwa akuluakulu onse a komiti ya chitetezo ya m'dera lathu, ndikubwerezanso kachinayi, mwaulemu, zimene ndinapempha m'makalata atatu aja. Mundiyankhe molemba kuti ndani analola kiyi wachiwiri. Bokosilo lisamutsidwe, ndipo kiyi akhale m'manja mwa wapolisi yekha monga maminitsi akunenera. Ndipo pamsonkhano wa anthu onse mulengeze kuti kalata yanga inali imodzi yokha, ya njinga, ndipo inali yoona. Ndikuyembekeza yankho lanu msonkhano wa mwezi wamawa usanachitike. Ndine munthu wokalamba, ndipo sindifuna kuti tsiku langa likadzakwana, amake Esinati adzayende khomo ndi khomo kupempha anthu ondikumbira manda.