Momwe Amalume Anatayira Mpando wa M'holo

Ndinafika ku Kitwe nkhondo yaikulu yachiwiri itatsala pang'ono kuyamba. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anandiitana kuchokera kwathu ku Nyasalande, atamva kuti chipatala cha mgodi chikufuna anthu odziwa kuwerenga Chingelezi. Ndinayamba ntchito yotsuka ndi kumanga mabala, ndipo ndinkakhala kwawo mpaka pamene ndinakwatira.

Amalume anali kalaliki wamkulu mu ofesi ya komboni, komanso mkulu wa mpingo. Taye sankaivula ngakhale m'mwezi wa Okutobala, anthu ena onse akuyenda mabatani ali pululu. Loweruka lililonse, nthawi ya firii koloko, ankatsogolera kalabu yokambirana m'holo ya komboni. Tinkabwera makalaliki, aphunzitsi, ife a kuchipatala ndi telala mmodzi. Tinkalankhula Chingelezi chokhachokha, ndipo nkhani zake zinali monga yakuti kodi atsikana a m'tauni aziphunzira mpaka pati.

Kunkabweranso mzungu mmodzi wa ku dziko la Welesi, woyeza malo pansi pa mgodi, wamtali, wowonda, wa njinga yakale yolira ngati mbuzi. Azungu anzake ankamuseka chifukwa chobwera kwa ife. Loweruka lina amalume anamupempha kuti atifotokozere za ndale za kwawo, iye n'kusankha kutiuza za chipani chimene bambo ake ndi agogo ake ankachivotera.

Anati chinayamba ndi anthu okana kuti mfumu ndi eni minda ikuluikulu azilamula dziko okha. Ambiri anali amasitolo, amisiri, ndi opemphera m'matchalitchi ang'onoang'ono amene sanali a boma. Chinalimbikira kuti voti ifike kwa anthu ambiri, kuti munthu aziponya mobisa bwana wake osaona, ndiponso kuti chakudya chochokera kunja chisakhomedwe msonkho, buledi akhale wotchipa. Pambuyo pake chinabweretsa penshoni ya okalamba. Kenaka kunabwera nkhondo yaikulu yoyamba ija, atsogoleri ake anakangana, chipani n'kung'ambika pakati, anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale n'kupita ku chipani chawochawo.

"Lero tatsala ochepa," anatero akuseka. "Koma zimene tinkakhulupirira sizinafe."

Zimenezo anazitchula mosathamanga. Munthu aliyense aweruzidwe payekha, osati potengera mtundu wake kapena tchalitchi chake. Aloledwe kunena zimene akuganiza, ngakhale zikhale zolakwika. Ndipo zinthu zisinthe ndi pakamwa, pang'onopang'ono, osati ndi miyala.

Amalume anamvetsera atatsamira ndodo. Mzunguyo atatha, amalume anafunsa kuti, "Nanga kuno, Bwana, voti imeneyo idzatipeza liti?"

Mzunguyo anayang'ana chipewa chimene chinali pa bondo lake. "Idzafika," anayankha. "Koma anthu ayambe aphunzira kaye."

Telala uja anatsokomola mwadala. Amalume anangogwedeza mutu kuvomereza. Kunyumba kwa mzunguyo, kumayadi a mipanda ya maluwa, anali atapitako kangapo kukabwereka mabuku, ndipo nthawi zonse ankadikira kukhomo la kukhitchini. Zimenezi sankazitchula, ndipo ine sindinawafunsepo.

Mwezi womwewo amalume anasintha malamulo a kalabu. Anati wapampando azisankhidwa chaka ndi chaka, aliyense aziponya njere m'chitini kuseri kwa chitseko, chimanga kwa uyu, nyemba kwa uyo. Anatinso khomo likhale lotseguka kwa munthu aliyense wa m'komboni, alankhule chilankhulo chimene akufuna. Mphunzitsi wamkulu anakana.

"Bambo, mukalowetsa anthu a pansi pa mgodi muno, mudzangokhala phokoso."

"Phokoso tidzalimva," anatero amalume. "Mwina lili ndi mawu mkati."

Poyamba sikunabwere munthu watsopano. Kenaka chinafika chaka chimene anthu a pansi ananyanyala ntchito, asilikali n'kuwombera gulu pafupi ndi ofesi ya komboni. Ovulala anafikira kwa ife kuchipatala. Makalaliki ambiri sanalowe nawo m'kunyanyalako, ndipo kwa miyezi ingapo akazi awo ankatunga madzi pampopi popanda wowapatsa moni.

Zitazizira, Loweruka lina kunalowa m'holo munthu amene ndinkamudziwa, chifukwa ndinamumangapo dzanja makina obowolera miyala atamudula zala. Anali Mngoni wa ku Fort Jameson, komwe lero mukuti Chipata, Mkatolika wa kolona m'khosi, wamfupi, wa mawu okhuthala. Anakhala kumbuyo osavula chipewa. Mutu wa tsikulo unali wakuti kodi munthu amatukuka ndi khama lake kapena ndi gulu. Aphunzitsi awiri atalankhula, iye anaimirira n'kuyamba m'Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba.

"Inu a mataye, tsiku lija munali kuti? Munali pawindo la ofesi mukutiyang'ana. Lero mukuti munthu payekha. Pansi paja munthu payekha amafa. Mwala ukakugwera, amakuchotsa ndi anzako, osati khama lako." Anatembenukira kwa mzungu uja. "Imwe mukwai, inu bwana, ine ndi inu timapuma fumbi limodzi. Bafa timasamba limodzi?"

Mzunguyo anafiira makutu. Mngoniyo sanalekere pomwepo. Anati anthu onse a ku Nyasalande ndi akazitape a azungu, ndipo ana a makalaliki ndi onenepa chifukwa cha nyama yobedwa pa poso, chakudya chimene mgodi unkagawira anthu a pansi. Zimenezi sizinali zoona. Mphunzitsi wamkulu anaimirira kuti amutulutse.

"Khalani pansi, aphunzitsi," anatero amalume. "Nthawi yawo sinathe."

"Akutitukwana, bambo!"

"Akutitukwana ndi pakamwa. Ndi zimene tinapempha."

Munthuyo analankhula mpaka kukhosi kwake kunauma. Atakhala pansi, amalume anamuyankha m'Chinyanja, koyamba iwo kulankhula Chinyanja m'holomo.

"Achimwene, za pawindo mwanena zoona. Za nyama mwanama, ndipo mukudziwa. Koma ndikufunseni: gulu lanulo, munthu wina akadzakana zimene lagwirizana, lidzamutani?"

"Lidzamuwongola."

"Ndi chiyani?"

Mngoniyo anangoseka, n'kunena kuti adzabweranso.

Anabweradi, ndi anzake. Loweruka lotsatira anachuluka, ena n'kumaima m'mawindo. Chingelezi chinatha chokha, m'holo n'kumamveka Chibemba. Nkhani zinasanduka za malipiro, za nsapato za pansi, za chifuwa chimene anthu ankabwerera nacho kumudzi. Makalaliki anayamba kujomba mmodzimmodzi. Mphunzitsi wamkulu anakayambitsa kalabu ina kusukulu, yolowa okhawo oitanidwa, ndipo anapempha amalume kuti akaitsogolere. Iwo anakana.

Mzungu uja anasiya kubwera. Ena ankati mabwana ake anamuchenjeza, ena ankati anakhumudwa. Patapita nthawi tinamva kuti walowa usilikali, wapita kumpoto. Anatuma wantchito wake kudzasiya bokosi la mabuku kwa amalume, ndipo sitinamuonenso.

Tsiku losankha litafika, opikisana anali awiri: amalume ndi Mngoni uja. Chimanga chinali cha amalume, nyemba za mnzawoyo. Telala atakhuthula chitini patebulo, panalibe chofunika kuwerenga. Chimanga chinkangooneka apa ndi apo. Amalume anaimirira, anapereka belu laling'ono la wapampando ndi manja awiri, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi ine.

Kunyumba akazi awo anali atamva kale. "Mwadzikumbira nokha dzenje," anatero akuwathirira madzi osamba m'manja. "Mpando munali nawo, ndani anakutumani za nyembazi?"

"Ndinawauza kuti asankhe," anayankha amalume. "Asankha."

Sanasiye kupita kuholo. Chibemba chawo chinali chopunduka, anthu ankaseka akaimirira, koma ankaimirirabe, kawirikawiri kutsutsa zimene ambiri agwirizana. Nthawi zina ankawamvera, nthawi zambiri ayi. Nkhondo itatha, nkhani zoyambitsa bungwe la anthu ogwira ntchito m'migodi zinakula, misonkhano inasamukira pabwalo la mpira, ndipo kalabu ya Loweruka inangozilala popanda woitseka.

Mngoni uja sanafike nawo kutali. Chifuwa chinamugwira, dokotala n'kulemba kuti sangatsikenso pansi, abwerere kwawo. Ine ndinatumidwa kumuperekeza mpaka ku Ndola, ndipo amalume anapempha tchuthi cha tsikulo kuti apite nafe. Pasiteshoni amalume anathandiza mkazi wa Mngoniyo kukweza mtolo wa ziwiya. Munthuyo anali atawonda kwambiri, akupuma mwapang'onopang'ono, koma anakoka amalume pambali ndi dzanja lake lodukalo.

"Mwana wanga wamkazi ali pasukulu ya masisitere," anatero. "Mutu wake ndi wabwino. Kumudzi akangofika amukwatitsa. Anzanga a pansi nyumba zawo ndi za chipinda chimodzi."

"Adzakhala kwathu."

"Koma ndi Mkatolika. Musakamutembenuze."

"Sitidzamutembenuza."

Mtsikanayo anabwera ndi kabokosi kake sabata yomweyo. Lamulungu lililonse amalume ankanyamuka msanga, kumuperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi cha Akatolika, kenaka n'kudutsa komboni yonse kupita kutchalitchi kwawo. Akulu a mpingo anzawo anadandaula kuti mkulu wa mpingo sayenera kuoneka pakhomo limenelo, ndipo nkhaniyo inafika pamsonkhano wawo. Amalume anaimva yonse, n'kuyankha kuti bambo wa mwanayo anawapempha, iwo anavomera. Lachisanu m'nyumba monse tinkadya nyemba kapena kapenta chifukwa cha iye, popeza Akatolika sankadya nyama tsiku limenelo.

Bambo ake anamwalira kumudzi mvula yotsatira isanathe. Mtsikanayo anakhala kwa amalume mpaka anamaliza sukulu, ndipo anakaphunzitsa ku Ndola.