Lachiwiri Limene Anti Anapempha

Chaka chimene mwana wanga anayamba kuyenda, ndinkagwira ntchito ya sizoni pa kampani ina ya fodya ku Kanengo. Ntchito yake inali yosankha masamba pa lamba wa makina, chiimire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pageti tsiku lililonse pankakhala khamu la anthu odikira kuti wina ajombe, iwo alowe. Tinkawadutsa mothamanga, osawayang'ana kumaso. Ndinkakhala ku Mgona m'kachipinda ka lendi, bambo a mwanayo atapita ku Joni n'kungoti zii.

Mwanayo ndinkamusiya kwa mayi wina wa ku Area 25, m'njira yanga yopita kuntchito. Ana ankawatchula kuti Anti, ndipo ife amayi awo tinangotengera, ngakhale msinkhu wawo unali woti akanatha kutibereka enafe. Sinali nazale ya chikwangwani ndi makoma ojambula njovu ayi. Inali nyumba yawo basi, khonde, mtengo wa mapeyala, mikeka iwiri ndi ana asanu ndi awiri. Amuna awo anali atamwalira kalekale, mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Kasungu. Kapu ya mwana aliyense ankaimanga ulusi wa mtundu wakewake. Ankadziwa amene amadya phala pokhapokha ataimbiridwa, amene amaluma anzake akamva tulo, ndi amene mayi ake amanama kuti wasamba.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo silinali la ana, linali lathu. Ankabwera okha pageti, n'kulandira mwana ndi manja awiri, kenako n'kunena kuti, "Pitani, osacheuka." Ankati mayi akacheuka mwana amalira mpaka masana. Tinaphunzira bwino lamulolo. Ine ndinalikhoza kuposa onse, moti ndinkafika pamsewu wa tala ndisakudziwa n'komwe kuti Anti avala chiyani tsikulo.

Anti ankadwala Loweruka. Izi sindikuseka. Chimfine, malungo, dzino, zonse zinkawapeza Lachisanu madzulo mwana womaliza atatengedwa, ndipo Lolemba ankakhala ali pageti, milomo yotuwa koma ataima. Tinkawaseka kuti malungo awo anapita kusukulu, amadziwa kalendala. Iwo ankayankha kuti, "Matenda anga ndi aulemu, amadikira alendo achoke." Pakati pa sabata mankhwala awo anali timapilitsi ta pagolosale ndi tiyi wa mandimu. Panalibe wowalowa m'malo. Ife tikadwala, pa lamba pankaima munthu wina. Iwo akanati adwale, akazi asanu ndi awiri akanaima pamsewu ndi ana kumsana, aliyense akuganiza za ntchito yake.

M'nyengo yozizira chaka chimenecho anasiya kubereka mwana wamng'ono kumsana. Ankangomugoneka pamiyendo. Kenako anasiya kubwera pageti, ankangoitana ali pakhonde kuti, "Lowani mumukhazike pamkeka." Anayamba kuvala zitenje ziwiri, ndipo kuseri kwa bafa kunkayanikidwa tinsalu timene mkazi aliyense amatidziwa, tsiku ndi tsiku, pa msinkhu woti anasiya kale zimenezo. Ndinaziona. Sindinganame kuti sindinazione. Ndinangoti mumtima, akuluakulu amadziwa okha zochita.

Tsiku lina Lachinayi madzulo anatiuza kuti tisafulumire kuchoka. Tinakhala pakhonde, aliyense mwana wake pamiyendo. Analankhula akuyang'ana pansi ngati munthu wopalamula. Anati Loweruka anapita kuchipatala chaching'ono, ndipo adokotala atawayeza anawalembera kuti apite kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene amaona za amayi Lachiwiri m'mawa basi.

"Ndikupempha Lachiwiri limodzi lokha," anatero. "Ndakuuzani lero kuti mukhale ndi nthawi yokonzekera."

Tinavomera ngati kwaya. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndiye ndinaposa onse. "Anti, zimenezo n'zopemphanso? Moyo ndi wofunika. Pitani, ife tiona chochita." Mayi wina wogulitsa kaunjika kumsika, amene mwana wake ankagona mkeka umodzi ndi wanga, anawonjezera kuti akadzaona wina akubwera ndi mwana Lachiwiri adzam'bweza yekha. Tinaseka. Anti anasekanso, n'kutithokoza mmodzimmodzi.

Masiku anayi ndinali nawo. Ndinapempha neba wanga wa ku Mgona, anavomera, ndipo ndinatayirira. Lolemba akapitawo athu anachotsa mtsikana wina pa lamba chifukwa chojomba tsiku limodzi, n'kulowetsa wina wa pageti tonse tikuona. Lachiwiri m'mawa ndinagogoda kwa neba uja, chitseko chinali chokhoma. Anali atapeza ganyu yochapa. Ndinaima pamenepo mwana ali kumsana, mutu utaima. Miyendo inayamba yokha njira imene inaizolowera.

Ndinawapeza Anti atavala kale. Bulauzi yoyera yosita, chitenje chatsopano, nsapato za kutchalitchi, buku la kuchipatala lili m'kajumbo. Loko inali m'manja.

"Mwadzuka bwanji, Anti?"

"Ndadzuka. Kaya inu?" Maso awo sanali pa ine, anali pa mwana.

"Anti, ndapanikizika heve. Neba wandigwiritsa fuwa lamoto. Ndi wanga yekha, savuta uyu, mukumudziwa. Mwina mungopita naye."

Ndinkadziwa kuti n'zosatheka. Maminibasi awiri, mzere wa kuchipatala, munthu woti akulephera kubereka mwana pakhomo pake pomwe. Ndinanena dala kuti pakhale chonena. Mwana wanga, poti mwana sadziwa kanthu, anali atatambasula kale manja, akudumphadumpha kumsana kwanga. Anti anaika buku lija pawindo, loko pamwamba pake, n'kumulandira ndi manja awiri. Tsiku limenelo sanandiuze kuti ndisacheuke. Sindinacheuke ndithu.

Madzulo ndinapeza ana asanu pamkeka. Anti anali atavula bulauzi ija, ali m'juzi yawo ya masiku onse. Mayi wa kaunjika uja anali akumanga mwana wake kumsana, ndipo anandiuza mopanda manyazi kuti, "Ine ndimangodutsa, ndiye ndinamva mawu a mwana wanu. Ndinati basi ulendo walephereka." Enawo anali atamva mawu a ana awiri. Mmene zinayendera ndi mmenemo. Palibe amene anaphwanya lonjezo, aliyense anapeza litaphwanyika kale, kupatula ine.

Ndinapepesa. Anti anati, "Musadandaule, Lachiwiri likubweranso."

Linabweradi. Ndikanakonda kulemba kuti ulendo wachiwiriwo ndinachita zamunthu. Ndinadzuka ndi mtima wojomba ntchito, zivute zitani. Koma ndinati ndingodutsa ndione ngati apita. Ndinapeza geti lili lotsekula, mwana wina ali kale pamkeka akudya mbatata, mayi ake atasowa. Mtima wanga unati myaa, ndipo chimenechi ndicho chimandichititsa manyazi mpaka lero, kuti ndinasangalala. Ndinamasula wanga n'kumukhazika pambali pa mnzakeyo. Ndinadziuza kuti mlandu ndi wa woyamba.

Lachiwiri lachitatu Anti sanapemphenso. Buku lija linachoka pawindo, ifenso nkhaniyo tinaikwirira. Tinkabwera ndi nthochi, wina shuga pang'ono, wina sopo, tinthu totseka nato pakamwa pathu tomwe.

Tsiku lina ndinawafunsa mokalipa, chifukwa munthu wolakwa amakonda kukalipa. "Koma Anti, bwanji osangokhoma m'mamawa n'kumapita? Tikapeza loko tibwerera tokha."

"Mubwerera kupita kuti?" anandifunsa. "Ine ndikakhale pa benchi kuchipatala ndikudziwa kuti pageti panga paima munthu ndi mwana? Ndiponso mukapeza kwina tsiku limodzi, mawa lake mudzapitanso komweko. Ine ndidzatsala ndi mikeka."

Panthawiyo kunali kutatsekulidwa nazale yatsopano kumtunda, ya makoma opaka utoto ndi yunifolomu. Anti ankaiopa. Ndikuganizanso kuti ankaopa zimene akanakamva kuchipatalako, ndipo ife tinkawabweretsera m'mawa uliwonse chifukwa chabwino chosapitira, chofunda, chonunkhira phala. Koma mantha awo sachotsa mlandu wanga. Tsiku loyamba lija anali atalimba mtima, loko ili m'manja.

Anapita kuchipatala chija sizoni itatha, kutatentha, ambirife titaimitsidwa ntchito ndipo ana atatsala awiri. Miyezi inayi inali itadutsa. Madokotala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo anawafunsa kuti anali kuti nthawi yonseyi. Anthu ena amandilimbikitsa kuti mwina inali itafalikira kale, kuti miyezi inayi sikanasintha kanthu. Mwina. Palibe amene angandiuze motsimikiza, ndipo ndinasiya kufunsa.

Mwana wawo anabwera kuchokera ku Kasungu kudzawadwazika. Ine ndinatenga milungu itatu ndisanalimbe mtima kupita kukawaona. Ndinapeza mikeka itapindidwa, itaimikidwa pakona ya khonde. Anti anali m'nyumba, atatsamira pilo kukhoma, atachepa moti mphete anali ataimanga pa ulusi m'khosi. Mwana wanga anali atawaiwala, anabisala kumbuyo kwa siketi yanga. Zimenezo zinawapweteka, ndinaona, koma anangoseka n'kunena kuti wakula, wayamba matama a m'tauni. Anafunsa ngati akukanabe phala lopanda nsinjiro.

Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Nditayamba kuti, "Anti, za tsiku lija," anakweza dzanja pang'ono.

"Tsiku lija ndinatchena, eti?"

"Munatchena, Anti."

"Bulauzi ija ndinasita Lolemba. Makala ndinachita kupempha."

Sanandiuze kuti palibe kanthu. Ndinalira ngati ine ndiye wodwala, mpaka mwana wawo anabwera kudzandiuza mwaulemu kuti mayi akufuna kupuma. Ndinawakonda mayi amene aja, ndipo ndinawalakwira. Zonse ziwirizo n'zoona, ndipo palibe chimene chimachepetsa chinzake.

Anamwalira sizoni yotsatira itangoyamba, ine nditalembedwanso ntchito pakampani pomwe paja. Uthenga unandipeza Lachitatu m'mawa. Ndinapita kwa akapitawo omwe aja ndikuganiza kuti ndinene kuti ndi mayi anga aang'ono kapena azakhali. Bodzalo silinafunike n'komwe. Nditangotchula kuti maliro, anavula chipewa.

"Pepani kwambiri, mayi. Pitani. Mukaika mubwere, malo anu muwapeza."

Sanafunse kuti ndi a ndani. Ndinaima pomwepo kanthawi, ndikudikira kuti mwina awonjezera china, koma anali atatembenukira kale ku lamba. Ndinali ndisanayesepo kuwapempha tsiku. Ndinangoganiza kuti akana.

Mwana ndinakamusiya kwa mlamu wanga ku Area 23, amene tinali tisakulankhulana chipitireni mchimwene wake, bambo a mwanayo, ku Joni. Ndinakwera maminibasi awiri ndikukonza zopepesa. Anamulandira pakhomo, n'kunena kuti ndisafulumire, akhoza kugona konko masiku awiri.

Pamaliro tinalipo tonse asanu ndi awiri. Tinafika m'mawa, tinatunga madzi, tinasonkha moto kuseri kwa nyumba kumene amayi amaphikira anthu. Ndinayang'ana misana yathu mmodzimmodzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabereka mwana. Mayi wa kaunjika anakhala pafupi nane, beseni la kabichi lili pakati pathu. Patapita nthawi anandifunsa motsitsa mawu.

"Wanu mwamusiya kuti?"

"Kwa alamu anga."

"Wanga ali kwa apongozi," anatero. "Sanavute n'komwe."

Tinapitiriza kudula kabichi, osayang'anana.