Minibasi Yomwe Inkanyamula Maliro

Mwamuna wanga anamwalirira ku Joni, kumene ankagwira ntchito. Anandisiyira ana awiri: mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndi mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi. Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Mzimba, ndipo ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yocheka matabwa. Anawo kwathu anapitako kamodzi kokha, ali pamsana. Chaka chitatha bambo awo atamwalira, ndinatsimikiza kuti tchuthi chilichonse ndiziwatenga, tizikakhala kwathu masabata angapo, tiziima pomwe tafuna m'njira, osati kuthithikana m'basi katundu ali pamiyendo.

Ndinaphunzira kuyendetsa, ndinapeza laisensi. Nkhani inatsala pa galimoto.

Mtsikana ankafuna kagalimoto kakang'ono ka magalasi akuda, konga timene anyamata amabwera nato kuchokera ku Joni. Mnyamata ankafuna pikapu. Ndinawauza kuti kakang'onoko kadzasiya mimba yake pa msewu wa ku Embangweni, ndipo m'pikapu mvula ikagwa matiresi adzasanduka chinkhupule.

Nthawi yomweyo bambo wina wa pa boma, amene ankanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, ankagulitsa minibasi yake yoyera. Inalibe mipando ya kumbuyo, kupatula mzere umodzi. Aliyense ankaidziwa, chifukwa inkabweretsanso maliro a anthu ofera kumeneko. Ndi yomweyo imene inabweretsa mwamuna wanga.

Ndinapita ndi makaniko, anaimvetsera injini, nati ndi yamoyo. Ndinaigula.

Mtsikana ataiona pakhomo anaponya ndowa pansi.

"Amama, mwapenga? Ine m'menemo sindikwera!"

"Usakwere. Ukakhala kwa abambo ako aakulu mpaka tidzabwere."

Mawa lake alamu anga, akulu ake a malemu, anafika pa njinga yamoto kuchokera kumudzi kufupi ndi Embangweni. Anakana mpando.

"Alamu, mwatichititsa manyazi chomene. Magalimoto onsewa, inu n'kusankha bokosi? Ndipo ndamva mukufuna kupita nawo ana ku Dedza. Ana awa ndi athu. Ng'ombe tinapereka."

Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mawu sindinawagwaditse.

"Alamu, ana ndi anu, sindikukana. Sukulu isanatsegulidwe ndidzawabweretsa pakhomo panu muwawerenge zala. Koma ali ndi amalume ndi azakhali amene sadziwa nkhope zawo. Za galimotoyi, pamene ena ankati m'bale wanu angoikidwa konko, iyi ndi imene inayenda masiku atatu n'kudzamutula pakhomo panu. Inu mukuiopa. Ine ndikuithokoza."

"Mbwenu, basi, mwasankha," anatero, n'kukwera njinga.

Kuntchito anzanga anayamba kundipatsa moni wapatali. Mayi wina wa kumpingo anandiuza kuti ndiitane abusa adzaipempherere. Ndinamuyankha kuti galimoto imeneyi yamva mapemphero ndi nyimbo zambiri kuposa tchalitchi chathu.

Ndinaitsuka ndekha ndi sopo. Mnyamata anakhoma mashelefu ndi zidutswa za paini zimene ndinapempha kuntchito. Tinaikamo matiresi awiri, mbaula, thumba la makala, zigubu za madzi ndi tayala lapadera.

Tsiku lonyamuka, mtsikana anatuluka ndi chikwama chake, osandiyang'ana, n'kukhala kutsogolo. Khosi lake linauma ngati mtengo, kuopa kucheuka.

Tikuyandikira ku Champhira, azibambo atatu amene ankayenda m'mbali mwa msewu anaima n'kuvula zipewa. Anaizindikira galimotoyo, ankaganiza kuti tanyamula maliro. Mnyamata anaphulika ndi phwete, n'kuwabayibitsa pa windo. Mtsikana anayamba kulira.

Ndinaimika pambali, ndinazimitsa injini.

"Tibwerere?" ndinamufunsa.

Anapukusa mutu. Kenaka anafunsa, "Adada anagona mbali iti?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Pamene ndinkafika anali atawatsitsa kale."

Anatsika, anatsegula chitseko cha m'mbali, anakwera kumbuyo n'kugona chagada pa matiresi, maso ali kudenga. Mlongo wake anasiya kuseka. Ndinaliza injini, tinadutsa pa Jenda mtsikana ali chigonere chomwecho. Tikulowa m'Kasungu ndinamva mawu ake: "Amama, muno mukutentha. Adada anavutika." Kenaka anapempha chimanga chootcha.

Ulendo umenewo tinayenda masiku atatu, dala. Tinagona kwa mnzanga wa kusukulu ku Kasungu, ndiponso kwa msuweni wanga ku Mponela. Masana tinkaima pansi pa mtengo, n'kuwiritsa tiyi. Anawo ankakangana za nyimbo za pa foni, za amene akhale kutsogolo, za fungo la nsapato za mnyamata. Ku Dedza asuweni awo ankawaseka kalankhulidwe, iwo n'kumawabwezera m'Chitumbuka. Mtsikana anaphunzira kukumba mbatatesi, mnyamata anakwera phiri kawiri.

Kutatsala masiku awiri kuti sukulu itsegulidwe, ndinakhotera ku Embangweni. Alamu anali pakhonde. Atationa anaimirira n'kutambasula dzanja.

"Imikani komweko, kumsewu!"

Ndinatsitsa galasi. "Alamu, ndabweretsa ana anu ndi thumba la mbatatesi. Thumbalo ndi lolemera."

Ndinalowa pang'onopang'ono, nkhuku zikuthawa, mpaka ndinaima pafupi ndi khonde. Mtsikana anatsika woyamba, anagwada n'kupereka moni. Alamu anamuyang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso mnyamata amene anali atada ndi dzuwa.

"Yewo," anathokoza motsitsa, n'kuitana akazi awo kuti atipatse madzi. Thumba lija alamu anatsitsa okha, koma analikoka ataima panja, phazi osaponda m'kati.