Anandisiya Mayina Athu Ali pa Bolodi ya ku Kanso

Inu owerenga, ine pakamwa panga ndi pakulu, komboni yathu yonse ya Katondo imandidziwa, ndipo pakamwa pomwepa ndi pamene panandimanitsa setifiketi ya ukwati.

Amuna anga a Banda anandikwatira mwa mwambo, kwathu ku Petauke analipira zonse. Koma mtima wawo unali pa pepala la boma. Atate awo, amene anabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito pa maini, atamwalira, achibale anathamangitsa amayi awo m'nyumba ngati mlendo. A Banda sankafuna kuti zimenezo zidzandionekere ine.

Anapita okha ku kanso, ku ofesi ya boma yolembetsera maukwati, kukafunsa. Pobwera anandikhazika pansi ndi timawu tawo tofatsa tija: "Amake Tisa, si zambiri iyayi. Mareji athu, zitupa zathu za boma zija, mboni ziwiri, kandalama ka ku ofesi. Mayina amawakhoma pa bolodi masabata atatu, ngati palibe wotsutsa, basi."

Ine ndinanyanyuka. Ndinati ndikalowe mu ofesi ndi chitenje chogulitsira tomato, popanda diresi loyera, popanda bandi, popanda nkhuku? Azimayi a pamsika adzandiseka mpaka kumanda! Ndinkaganiza kuti pepala ndi phwando zimayendera limodzi. A Banda ankangoseka, chaka china n'kufunsanso. Ana anakula, adzukulu anabadwa, ndalama ya bandi osaoneka.

Atayamba kutupa miyendo, ndine ndinawakoka kukakwera minibasi kupita ku kanso. Tinalipira, ndipo ndalama yake inandichititsa manyazi, inali yochepa kuposa imene ndinkaponya ku chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama. Panja anaima pa bolodi, chala pa pepala, kundiwerengera dzina langa mokweza ngati mwana wa sukulu. Anati tsiku la ukwatilo adzavala jekete lawo labulauni.

Anamwalira sabata lachiwiri.

Maliro atatha ndinabwererako. Ndinachonderera mayi wa mu ofesi kuti angomaliza, popeza ndalama tinalipira ndipo palibe anatsutsa. Anandigwira dzanja nati, "Ambuya, amafunika ayankhe okha."

M'nyumba palibe anandichotsa, ana anga anaima nane. Koma chimene chimandiwawa si nyumba. Ndinkafuna kuwamva a Banda akuvomera pamaso pa anthu kuti ndine wawo.

Inu amene amuna anu akali moyo, akakuitanani ku kanso, tengani reji, pitani ndi chitenje chomwe mwavalacho. Nkhuku mudzadya chaka china. Masabata atatu aja ndi aatali kuposa mmene mukuganizira.