Alamu Anga pa Okushoni

Ntchito yanga inali yogulitsa katundu wakale pa okushoni ku Chonde: njinga, mipando ndi mawayilesi a anthu opuma ntchito m'minda ya tiyi. Wotchula mtengo woposa onse ndiye ankatenga. Lamulo linali lomwelo, ndipo sindinalipindepo.

Vuto linali abale. Tsiku lina alamu anga, alongo awo a akazi anga, anafuna njinga. Anthu akukwezabe mtengo, iwo anafuula kuti, "Alamu, menyani nyundo basi! Mlongo wanga tinakupatsani popanda okushoni!" Anthu anaseka. Ine sindinamenye, ndipo njingayo inapita kwa mayi wina wa ku Thuchila. Kuyambira pamenepo alamu anasiya kuponda pakhomo panga. Akazi anga zinkawawawa.

Miyendo itayamba kukana, mwana wanga wamkazi anandiikira pulogalamu ya okushoni pa foni, yolipira mwezi ndi mwezi. Ndinaikana poyamba, kenako ndinaona ntchito yake. Timajambula katundu, ogula amalemba mitengo ali kwawo, nthawi ikakwana imatseka yokha. Palibe munthu womuchonderera.

Alamu anapikisana nawo pa pulogalamuyo pofuna kugula makina osokera, ndipo anagonjanso. Anabwera kwathu atakwiya, nakhala pakhonde.

"Alamu, kanthu kanuka n'kouma mtima kuposa inu."

"Kalibe mlamu," ndinawayankha.

Anaseka mpaka kutsokomola. Akazi anga atamva kusekako anatuluka ndi chinanazi ndi mpeni, tinadya atatu. Amene anapanga pulogalamuyo sindimudziwa, koma ndimamuthokoza.