Buleki Italimba pa Mtsetse wa ku Maramba

Mwana wathu woyamba asanayambe kukhala pansi, tinkakhala ku Libuyu, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya apongozi anga. Amuna anga ankayendetsa takisi, koma galimotoyo inali ya atate awo, amene anaigula atapuma ntchito ya ku njanji. Kupatula kunyamula anthu m'tauni, amuna anga ankatenganso ana a sukulu a m'dera lathu, kuwapititsa m'mawa ndi kuwabweza masana. Makolo a anawo tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Ine kwathu ndi ku Katete, ndipo ndinabwera ku Livingstone chifukwa cha banja. Pondilanga anandiuza kuti mpongozi wamwamuna suyankhula naye maso ndi maso, ndipo sutsutsa mwamuna wako pagulu. Zimenezi sizinandivute, chifukwa ngakhale kwathu ndinali munthu wosayankhulayankhula. Apongozi akalowa pabwalo ndinkagwada chapatali, n'kuwapatsa moni maso ali pansi, basi.

Amuna anga anali ndi chizolowezi chimene anzawo ambiri a matakisi anali nachonso. Akafika pamwamba pa mtsetse wotsikira ku Maramba, ankachotsa giya n'kuzima injini, galimoto n'kumatsetsereka yokha. Ankati mafuta adula, ndiye palibe chifukwa chowawotchera pamalo poti galimoto ikutha kudziyendera. Atate awo akakwera sankachita zimenezi, chifukwa mkuluyo ankati kuzimazima ndi kulizaliza kumapha batire. Ine ndinkangoona. Za galimoto sindinkadziwa kanthu.

Tsiku lina amuna anga anatitenga kuchokera ku sikelo ya mwana. Ndinakhala kumbuyo, mwana ndinamumasula n'kumuika pamiyendo. Pamwamba paja anazima injini monga mwa masiku onse. Anaponda buleki pa hampu yoyamba, anapondanso pa yachiwiri, galimoto n'kumamvera bwinobwino. Titayandikira msika, bambo wina analowa mumsewu akukankha wilibala ya matumba a makala, ndipo pambuyo pake panali mayi wogwira kamwana padzanja.

Ndinaona msana wa amuna anga ukuchoka pampando. Anaimirira pa buleki ndi thupi lonse, koma galimoto inkangopita. "Yakana," anatero, motsitsa mawu ngati akudziyankhulira. Kenako anakoka handibuleki, galimoto inakhota, tayala la kutsogolo n'kugwera m'ngalande.

Manja anga anali opanda kanthu. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana pamiyendo, mwana panalibe. Ndinamupeza pansi, atapanikizika kuseri kwa mpando wa kutsogolo, maso ali tong'o, osalira. Sindikumbuka kuti ndinamutola bwanji. Ndimangokumbuka kuti atayamba kulira ine ndinalephera kumutonthoza. Mayi wa kamwana uja anali chiimire pakati pa msewu, atagwira pamutu.

Amayi a mumsika ananditengera kukiliniki ya pafupi. Anesi anamupima mwanayo n'kunena kuti wangotupa pang'ono pamphumi. Potuluka ndinapeza apongozi aamuna afika. Amuna ena anali atanyamula galimoto kuichotsa m'ngalande, ndipo mnzawo wa amuna anga anaikoka ndi chingwe mpaka kwa makaniko wina kuseri kwa msika. Sindinafune kubwerera ndekha ku Libuyu. Ndinawatsatira, n'kukakhala pa tayala lakutha pansi pa mtengo, chapatali ndi amunawo.

Makanikoyo anali bambo wachikulire wa ku Mongu, mnzawo wakale wa apongozi. Sanafulumire kugwira sipanala. Anayamba ndi kufunsa amuna anga, akuwaitana kuti mwaiche monga amaitanira achinyamata.

"Manje mwaiche, kamba bwino. Buleki inalowa pansi, olo inalimba?"

"Inalimba, ba mudala. Monga naponda mwala."

"Injini inali kulira?"

"Inali kulira."

Amuna anga anayankha osayang'ana kumene ndinakhala. Ndinadziuza kuti mwina zilibe kanthu, akungoopa kukalipiridwa za batire.

Makaniko anafotokozera apongozi kuti buleki imakana m'njira ziwiri. Ikamalowa mpaka pansi ngati waponda phala, ndiye kuti mafuta ake akudontha penapake kapena mwalowa mpweya. Koma ikalimba, vuto limakhala pa busta. Anatsegula boneti n'kuloza chinthu chakuda chozungulira, chonga mapoto awiri ovundikirana, chimene chinali kuseri kwa kabotolo ka mafuta a mabuleki. Anati chimenecho ndicho chimathandiza mwendo wa munthu, apo ayi palibe amene angaimitse chitsulo cholemera chonchi ndi phazi lokha.

Ngakhale zinali choncho, anayamba wayang'ana zina zonse. Kabotolo kanali kodzaza. Anakweza galimoto pa jeke, anachotsa matayala limodzilimodzi, n'kumapisa chala kuseri kufuna ponyowa. Panalibe. Mapadi anali asanathe.

"Imwe ba shikulu," anatero akupukuta manja, "motoka yanu ni nkhalamba monga imwe, koma mabuleki ni ya munyamata."

"Nkhalamba ni iwe," apongozi anayankha. "Ufuna magalasi kuti uone sipanala ili m'manja mwako."

Anaseka awiriwo. Ine ndinadabwa kuti anthu angathe kuseka tsiku ngati limenelo.

Kenako makaniko analowa m'galimoto. Anaponda buleki kangapo injini ili yozima, anasiya phazi pomwepo, n'kuliza. Anati chopondera chatsika pang'ono chokha, ndipo chimenecho n'chizindikiro choti busta ndi yamoyo. Anatuluka, anazula paipi yakuda yochokera ku injini kupita ku busta, n'kutseka kukamwa kwake ndi chala. Chalacho chinakakamira, ndipo pochichotsa panamveka kuti phwa. Anachotsanso kavavu ka pa paipipo, anakapukuta pa ovolosi, n'kukauzira ndi pakamwa mbali iyi ndi inayo. Mpweya unkadutsa mbali imodzi yokha, monga mmene ziyenera kukhalira.

Chokhacho chimene anapeza chinali kamng'alu kakang'ono kumapeto kwa paipi ija. Anadula pamenepo ndi mpeni, anabwezera paipi, n'kumanga ndi kachitsulo katsopano. Mtima wa apongozi unakhala pansi, poganiza kuti mawa galimoto ibwerera pa msewu.

"Wapeza, wakonza. Mailo atenge bana ku sukulu."

Makaniko anapukusa mutu. "Aka kamng'alu sikangachite vija. Nakonza chabe chifukwa nakaona. Motoka yamene siinanionetse matenda yake, ine niyopa kuibweza pa msewu."

"Manje ufuna igone pano mpaka liti? Makolo ba bana bazakamba chani?"

"Ningachinje busta yonse ngati mufuna, koma nizankhala nachotsa chinthu chabwino."

Anafunsanso amuna anga ngati injini sinazime yokha pa mtsetsepo, mwina osazindikira. Amuna anga anati ayi. Apongozi anati ndiye basi, zatha, mwina linali tsoka la tsikulo, ndipo Lamlungu adzapempha abusa kuti adzaipempherere. Makaniko anatseka boneti pang'onopang'ono.

Pamenepo m'pamene ndinaona kuti funso la injini lafunsidwa kawiri, ndipo munthu safunsa kawiri chinthu chopanda ntchito. Ndinaganiza za ana aja. Amadzazana kumbuyo, ena pamiyendo pa anzawo, ndipo kamtsikana ka aneba athu kamakonda kuimirira pakati kakugwira mipando. Mawa masana adzatsika mtsetse womwewo. Ine wamkulu ndinali nditagwira mwana ndi manja awiri, koma anandipulumuka. Nanga iwowo adzawagwira ndani?

Koma kuti nditsegule pakamwa pamaso pa apongozi, ndi kunena kuti mwana wawo wanama, zinandikanika. Ndinayesa kuyang'ana amuna anga kuti mwina tikumana maso. Anali atatembenukira kwina, akukanda matope pa bampala.

Kwathu amayi akafuna kuuza munthu amene sangamuyankhule, amauza mwana amene ali m'manja. Ndinamuchotsa mwana kubere, ndinamuimika pamiyendo, n'kunena kuti, "Iwe mayi, suja unali m'tulo pamene atate ako anazima injini?"

Mawuwo sanapite patali. Pafupi pomwepo munthu wina ankamenya chitsulo ndi hamala, ndipo palibe amene anacheuka. Apongozi anali atatambasula kale dzanja kupereka kiyi kwa amuna anga. Ndinabwereza mokweza kuposa mmene ndinayankhulirapo pamaso pawo.

"Ndati unali m'tulo, mayi, pamene atate ako anazima injini pamwamba paja."

Onse atatu anaima. Ine maso anali pa chotupa cha pamphumi pa mwana. Ndinamva nsapato za apongozi zikubwera, n'kuima patali pang'ono. Nawonso sanayankhule ndi ine.

"Iwe kamwana," anatero, "funsa amako. Anazimira pati?"

"Uwauze ambuye ako kuti kumtunda, tisanafike pa mahampu."

"Ni lelo chabe?"

Mwana ankakoka mkanda wanga.

"Uwauze kuti ndi masiku onse."

Amuna anga anayamba kufotokoza kuti aliyense amachita zimenezo, kuti mafuta adula, ndiponso kuti injini ndi buleki n'zosiyana, imodzi ili kutsogolo ina ili ku matayala. Makaniko sanakalipe. Anangowatsegulira chitseko.

"Lowa, mwaiche. Liza. Manje zima. Ponda."

Anaponda, buleki inatsika bwino.

"Chotsa mwendo. Ponda futi."

Inatsikanso, koma pang'ono.

"Futi."

Ulendo uno sinasunthe. Ndinaona bondo lawo likunjenjemera ndi kukankha, chimodzimodzi mmene zinalili pa mtsetse.

Makaniko anawerama pawindo n'kuwauza mofatsa kuti injini ikamalira imayamwa mpweya wa mu busta kudzera pa paipi ija, ndipo kuyamwako ndiko kumapatsa buleki mphamvu. Ukazima injini, mu busta mumatsala mphamvu yoponda kawiri kapena katatu basi. Masiku onse aja ankafika pansi asanaimalize. Lero mahampu anadya ziwiri, ndipo pamene wilibala inalowa munalibe kanthu.

"Motoka ilibe mulandu," anatero. "Unaichotsa mphamvu iwe wekha na kiyi."

Amuna anga anakhala m'galimotomo nthawi yaitali, manja ali pa chiwongolero. Potuluka sanaime. Anakhala pansi pa dothi lamafuta lija, atatsamira tayala.

"Na bana ba sukulu nimachita so," anatero, osauza munthu aliyense. "Masiku yonse, na bana."

Ndinali ndisanawaonepo chotero, ndipo zinandiopsa pafupifupi ngati ngozi yomwe. Ndinazindikira kuti ananama poopa atate awo, koma za buleki sankadziwadi. Anaphunzira kuyendetsa kwa anzawo pa siteshoni, ndipo anzawowo ndi amene anawaphunzitsanso kuzima.

Apongozi anazula kiyi n'kuika m'thumba la malaya. Anayendetsa okha mpaka ku Libuyu, pang'onopang'ono moti njinga zinkatipitirira, amuna anga ali pambali pawo, ine ndi mwana kumbuyo. Ndinamumanga pachifuwa ndi chitenje, mfundo ziwiri, ndipo dzanja langa silinachoke pamutu pake.

Kunyumba amuna anga sanadye. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinali nditakonzeka kungokhala chete. Anakhala pa mpando wa pakhomo mpaka dzuwa kupendeka, kenako anapempha kuti ndiwapatse mwana. Anayang'anitsitsa chotupa chija, akuchizungulira ndi chala osachikhudza.

"Sembe unaniuza ine nekha," anatero, akudandaula kuti sindinawauze ali okha.

"Ndinakuyang'anani, simunacheuke."

Masiku angapo otsatira ankandiyankhula mawu ochepa, a madzi osamba ndi a chakudya basi, ndipo apongozi aakazi anandiuza kukhitchini kuti nkhani za amuna ku galaja si za ife. Ndinavomera ndi mutu. Usiku ndinkadzidzimuka n'kupapasa pamphasa kufuna mwana, ngakhale anali pambali panga pomwepo.

M'mawa wa tsiku lotsatira ngoziyo ana a sukulu anapita, koma kiyi inatuluka m'thumba la apongozi, ndipo mkuluyo anakhala pampando wa kutsogolo pambali pa amuna anga, atavala jekete lake la ku njanji. Masana anapitanso kukawatenga limodzi. Anachita zimenezi mpaka sukulu inatsekera, ndipo madzulo aliwonse kiyi inkagona m'nyumba yaikulu. Teremu yotsatira m'pamene anawasiya amuna anga kuti aziyenda okha. Ine ndinatenga nthawi yaitali ndisanakwerenso. Ku sikelo ndinkapita wapansi, mwana ali kumbuyo, ndipo ndikafika pa mtsetse paja ndinkadutsa kutsidya kwa ngalande, kutali ndi msewu.